Kompyuta ya m'kati mwa kompyuta: mmene Windows ndi Linux zimayakira mu browser

Loweruka lina masana, malaiti atapita, ndinali pakhonde kwathu ku Kapata ndikuseweretsa foni. Mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene wangoyamba kumene sekondale, anasuzumira paphewa panga n'kuona chinthu chimene sanachionepo pa foni: sikirini yobiriwira, timabokosi totuwa, ndi kabatani kolembedwa Start pansi chakumanzere.

"Amalume, foni yanu mwaitani? Android mwachotsamo?"

"Ilimo, mwanawe. Taona pamwambapa. Ndi Chrome yomwe ija umafufuzirapo za homuweki."

"Ndiye ndi vidiyo imeneyi."

Ndinamupatsa kuti adzionere yekha. Kuyendetsa kamuvi ndi chala kunamuvuta poyamba, koma anafika pa Start, n'kutsegula Paint, n'kujambula nyumba yopendekeka ya denga lofiira. Vidiyo siimvera chala. Chimene anagwira m'manja mwake inali Windows 98 yeniyeni, ija Microsoft inatulutsa mu 1998, ikuyenda m'kati mwa tsamba la pa intaneti, pa foni imene inapangidwa patadutsa zaka zoposa 20. Ine ndimaphunzitsa makompyuta pa sukulu ina kunja kwa tauni ya Chipata, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikufuna kulongosola bwino mmene zimenezi zimathekera, chifukwa muli kanthu ka ife amene timaphunzitsa ana ambirimbiri pa makina owerengeka.

Operating system ndi pulogalamu yaikulu imene imatenga ulamuliro mukangoyatsa makina. Ndiyo kapitawo: imagawa malo mu RAM (mmene makina amasungamo zimene akugwiritsa ntchito pa nthawiyo), imauza pulogalamu iyi kuti idikire ndi iyo kuti ipite, imalandira zimene mwalemba pa kiyibodi, imasunga mafayilo. Windows, Linux, Android ndi macOS zonsezi ndi za mtundu umenewu. Browser, kaya ndi Chrome kaya Firefox, ndi pulogalamu wamba, mlendo m'nyumba ya operating system. Nanga mlendo angabereke bwanji mwini nyumba kumsana?

Chinsinsi chagona apa: operating system ilibe maso oonera makina amene ikuyendamo. Imatumiza manambala kwa purosesa ndi kwa zipangizo zina, n'kudikira kuti manambala ena abwerere. Aliyense amene angaiyankhe molondola, nthawi iliyonse, osaphonya ngakhale kamodzi, kwa iyo ameneyo ndiye kompyuta. Emulator ndi pulogalamu imene inalembedwa kuti iziyankha choncho. Siitsanzira maonekedwe a Windows ayi. Imatsanzira chitsulo chimene Windows imakhalapo, ndipo Windows yeniyeniyo imabwera n'kukhazikika pamwamba pake osadziwa kuti pansi palibe chitsulo.

Tiyeni tione pafupi. Purosesa, ngakhale anthu amaitama kuti ndi ubongo, ntchito yake ndi yobwerezabwereza ngati kusinja: kutenga lamulo, kulizindikira, kulichita, n'kutenganso lina. Malamulowo ndi manambala basi. Mwachitsanzo, pa mapurosesa a banja la x86 akamayenda mwa 32-bit, nambala 64 imatanthauza kuti onjezera 1 pa zimene zili m'kathumba kotchedwa EAX, ndipo nambala 144 imatanthauza kuti usachite kanthu, pitirira. Wolemba emulator amasunga nambala imodzi n'kuitcha EAX, kenaka amalemba kuti: ukakumana ndi 64, onjezera 1 pamenepa, lemba pambali ngati zotsatira zake zili ziro, pita pa lamulo lotsatira. Amachita zimenezi pa malamulo mazanamazana, limodzilimodzi, motsatira mabuku aakulu amene kampani ya Intel imasindikiza ofotokoza khalidwe la mapurosesa ake. Akaphonya kamodzi kokha, mwina pa kachizindikiro kamene palibe amakaganizira, Windows imauma pakati pa kuyaka.

Purosesa yokha si kompyuta. RAM ya kompyuta yongotsanzirayo imakhala mndandanda wautali wa manambala umene browser yapatula. Hadi disiki imakhala fayilo imodzi yaikulu. Sikirini ndi kachigawo ka tsamba kamene browser imalola kujambulapo kadontho ndi kadontho, ndiye Windows ikalemba manambala pamalo amene ikuganiza kuti pali khadi ya zithunzi, emulator imawatola n'kuwasandutsa mitundu. Mukadina chilembo, emulator imagogoda kwa Windows monga mmene kiyibodi yakale inkagogodera. Palinso kawotchi kamene kayenera kugunda pa nthawi yake, apo ayi operating system imasokonezeka pogawa nthawi. Ngakhale timawu toyera timene timayamba kuoneka pa sikirini yakuda, tija ta BIOS, pulogalamu yaing'ono imene imadzutsa makina operating system isanayake, timakhalapo. Emulator imene ndinatsegula tsiku lija, yotchedwa v86, yolembedwa ndi Fabian Hemmer, imagwiritsa ntchito BIOS yaulere yotchedwa SeaBIOS.

Tsono pali nkhani ya chilankhulo. Makompyuta ambiri a patebulo ndi malaputopu ali ndi mapurosesa a Intel kapena AMD, amene amamva x86. Pafupifupi mafoni onse ali ndi mapurosesa a ARM, amene nambala 64 ija satha kuimva mwa tanthauzo limenelo. Windows 98 imalankhula x86 yokha. Ndiye pa foni panga paja emulator inali womasulira.

Tonse tinakhalapo m'tchalitchi tsiku limene kwabwera mlaliki wachilendo wosadziwa Chinyanja. Iye anena chiganizo, aima, womasulira anena, mlaliki apitiriza. Ulaliki wa mphindi 20 umatha mphindi 40, ana ayamba kulira, amayi a kwaya ayamba kudzipepesa ndi mabuku a nyimbo. Emulator yosavuta kulemba imayenda choncho, ndipo kuchedwa kwake n'koposa apa, chifukwa lamulo limodzi la kompyuta yotsanziridwayo limadya malamulo ambiri a purosesa yeniyeni: kukalitenga, kufufuza kuti ndi liti, kulichita, kukonza zizindikiro.

Koma womasulira wozolowera ali ndi nzeru ina. Mlaliki akangoyamba pemphero la Ambuye, iye sadikiranso chiganizo ndi chiganizo. Analisunga kale pamtima m'Chinyanja, amangolinena lonse. Mapulogalamu nawonso amabwerezabwereza tizigawo tomwetomweto kambirimbiri. Choncho emulator yochenjera imayang'anira zigawo zimene zikupondedwa kawirikawiri, n'kuzimasulira zonse pamodzi, n'kusunga. Ikadzafikanso pamenepo imangothamanga. Akatswiri amaitcha njira imeneyi JIT, ndipo v86 ndi mmene imachitira: imamasulira zigawo za x86 kupita m'chilankhulo chotchedwa WebAssembly, browser n'kumalizitsa kuzisandutsa malamulo a purosesa imene ili m'makina anuwo. Omasulira awiri motsatizana, koma aliyense akusunga zimene wamasulira kale.

Chimene chimapulumutsa zonsezi ndi kukula kwa mphamvu za makina a masiku ano. Windows 98 inkatha kuyaka pa purosesa ya liwiro la 66 MHz ndi RAM ya 16 MB. Foni yotchipa ya lero ya 2 GB ili ndi RAM yochuluka kuwirikiza 128, ndipo purosesa yake imapitirira 1,000 MHz. Ngakhale mphamvu zambiri zitathera pa kumasulira, zotsalazo zimakwanira kunyamula kompyuta ya zaka zimenezo.

Nzeruyi si ya dzulo. Mu 1936 Alan Turing anasonyeza pa pepala kuti makina amodzi owerengera angathe kuchita ntchito ya makina ena alionse owerengera, bola awapatse kafotokozedwe ka makina enawo. Kampani ya IBM italengeza makompyuta ake a System/360 mu 1964, makasitomala ake anali ndi mapulogalamu olembedwera makina akale monga IBM 1401, ndipo sankafuna kuwataya. IBM inakonza zoti makina atsopanowo azitsanzira akalewo. Chatsopano ndi kuchita zimenezi mu browser, chifukwa browser sinapangidwire katundu wolemera chotere. JavaScript, chilankhulo chimene masamba a pa intaneti amayendera, anachilemba Brendan Eich ku kampani ya browser ya Netscape mu 1995, ndipo ntchito yake inali tinthu ting'onoting'ono monga kuona ngati mwadzaza bwino fomu. Chinali chochedwa. Zinthu zinayamba kusintha cha mu 2008, Chrome itatuluka ndipo makampani a browser atayamba kupikisana pa liwiro.

Mu 2011 katswiri wa ku France, Fabrice Bellard, anaika pa intaneti tsamba lotchedwa JSLinux. Munthu ankangolitsegula, Linux n'kuyaka m'kati mwake, emulator yonse italembedwa mu JavaScript. Bambo ameneyu ndi yemwe anayambitsa QEMU, emulator yotchuka kwambiri ya kunja kwa browser, komanso FFmpeg, imene mapulogalamu ambiri oonetsa mavidiyo amadalira. Ine ndimamupatsa ulemu waukulu chifukwa anasonyeza chinthu chimene ambiri ankachiyesa chosatheka. Pambuyo pake Mozilla, eni ake a Firefox, inabweretsa asm.js, mtundu wa JavaScript wothamangirapo, mu 2013, kenaka makampani a browser anagwirizana pa WebAssembly, imene inalowa mu Chrome, Firefox, Safari ndi Edge mu 2017, ndipo bungwe la W3C, limene limakhazikitsa miyezo ya masamba a pa intaneti, linaivomereza kukhala muyezo mu December 2019. WebAssembly ili pafupi ndi chilankhulo cha purosesa, ndiye browser siitaya nthawi yambiri poimasulira. Palinso chida chotchedwa Emscripten, choyambitsidwa ndi Alon Zakai, chimene chimatenga mapulogalamu olembedwa m'zilankhulo za makompyuta za C ndi C++ n'kuwasandutsa oyenda mu browser. Chifukwa cha chida chimenechi, ma emulator akale amene anthu anawavutikira zaka zambiri sanafunike kulembedwanso kuchokera pachiyambi.

Lero ma emulator a mu browser alipo angapo. Pa v86 mungasankhe operating system monga FreeDOS, Windows 98, Windows 2000, ReactOS, KolibriOS ndi mitundu ingapo ya Linux. PCjs ya Jeff Parsons imatsanzira makina oyambirira a IBM PC a mu 1981. Infinite Mac ya Mihai Parparita imayatsa ma Macintosh akale. WebVM ya kampani ya Leaning Technologies imayendetsa Debian Linux. Internet Archive, nkhokwe yaikulu ya ku San Francisco, inatsegula mu 2015 magemu a MS-DOS, operating system yakale ya Microsoft, pafupifupi 2,400 oti munthu azisewera pa tsamba pomwepo. Kwa iwo iyi ndi njira yosungira mbiri: chitsulo chimachita dzimbiri, madisiki amaola, koma kafotokozedwe ka makina kakalembedwa bwino sikakalamba.

Pali zinthu zina zofanana nazo m'maso zimene anthu amasokoneza. Masamba ena amangojambula maonekedwe a Windows, mabatani ndi mawindo, koma m'kati mulibe Windows. Ntchito zina, monga Windows 365 imene Microsoft inayamba mu 2021, zimakuonetsani kompyuta yeniyeni imene ili kutali m'nyumba ya maseva (makompyuta otumikira makompyuta ena), inu mukungolandira zithunzi zake, ndipo netiweki ikangodukiza zonse zaima. Palinso mapulogalamu monga VirtualBox, amene amayendetsa operating system yachiwiri pa purosesa yanu yeniyeni popanda kumasulira lamulo lililonse, n'chifukwa chake amathamanga, koma amafuna kuikidwa pa makina ndipo alendo ake ayenera kulankhula chilankhulo cha purosesa yanuyo. Emulator ya mu browser ntchito yonse imachitikira m'manja mwanu. Ndinamuonetsa mtsikana uja zimenezi ndi KolibriOS, operating system yaing'ono kwambiri moti imakwana pa floppy, kadisiki kakale ka 1.44 MB. Itayaka ndinazimitsa data. Inapitiriza kuyenda ngati palibe chachitika, iye n'kumatsegula timagemu take.

Ndisakunamizeni kuti foni tsopano yasanduka laputopu. Zopinga zilipo, ndipo zina zimaluma kwambiri kuno kwathu.

Choyamba ndi bandulo. KolibriOS siidya kanthu, koma ma operating system aakulu ali ndi madisiki olemera. Olemba ma emulator amayesetsa kuti browser izikoka zidutswa za disiki zokhazo zimene zikufunika pa nthawiyo, ndipo ena amasunga chithunzi cha RAM ya makina oyaka kale kuti musadikire kuyaka. Komabe pulogalamu iliyonse imene mwatsegula m'katimo imakoka zidutswa zina, ndipo netiweki ikafooka, monga zimachitikira mukangotuluka m'tauni kulowera ku Chadiza kapena ku Vubwi, zonse zimangoti zii kudikira. Amene amadalira Opera Mini pofuna kupulumutsa data adziwe kuti ikakhala pa kupulumutsa kwambiri, masamba amakonzedwera pa maseva a kampaniyo n'kubwera ophikaphika, ndiye emulator singayende m'menemo. Pamafunika Chrome, Firefox kapena ina yotere.

Foni imatenthanso, batire n'kumatsika mukuona. Amene tinadutsa m'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala ndipo malaiti akusowa pafupifupi tsiku lonse, tikudziwa mtengo wa batire yodzaza. Liwiro nalonso lili ndi malire: v86 imatsanzira purosesa ya 32-bit, pamene Windows 11 imafuna ya 64-bit ndi RAM yosachepera 4 GB, ndiye musaiyembekezere pamenepo. Zimene mwalemba m'katimo zimafufutika mukatseka tsamba, pokhapokha mutazisunga mwadala. Ndipo browser siilola tsamba kulankhula ndi intaneti mwachisawawa monga imachitira kompyuta yeniyeni, choncho kuti makina a m'katiwo alowe pa intaneti pamafunika seva ina yapakati yowapititsira mauthenga. Musalembe pasiwedi ya ku banki kapena ya mobile money m'makina otere. Pomaliza pali za umwini: Windows, ngakhale yakale, ndi katundu wa Microsoft, pamene Linux, FreeDOS, ReactOS ndi KolibriOS ndi zaulere, mungazikopere ndi kugawira ana popanda mlandu.

Nanga phindu lake n'chiyani kwa mphunzitsi wa ku Chipata, ku Katete kapena ku Lundazi?

Phunziro la makompyuta litakhala la aliyense ku junior secondary kuno ku Zambia, mayeso oyamba a giredi 9 analembedwa mu 2015, ndipo m'masukulu ena ana anadikira mpaka usiku kuti apeze mpata pa makina ochepa amene analipo. Zinthu zasinthako, koma kuchepa kwa makina kunatisiyira matenda ena amene sitiwatchula kawirikawiri: mantha. Kompyuta ikakhala imodzi pa ana khumi, ndipo wokonza ali kutali, mphunzitsi amasanduka mlonda. Usadine apo. Usatsegule icho. Usafufute kanthu. Inenso mawu amenewa ndawanena kosawerengeka, ndipo ndinali ndi chifukwa, pakuti makina amodzi akafa kalasi yonse imavutika temu yathunthu. Koma zotsatira zake ndimaziona: mwana amagwira mausi ngati dzira, kabokosi kachilendo kakatulukira pa sikirini amachotsa manja n'kuyang'ana kwa ine. Amadziwa kutchula zigawo za kompyuta pa mayeso, koma sanaloledwepo kulakwitsa. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kudzenje.

Makolo athu anali ndi yankho pa vuto lotere. Mtsikana sankaphunzira kuphika pa mphika wa banja lonse. Ankayambira ku masanje, kuseri kwa mudzi nthawi yokolola itatha, ndi kamphika kake, ufa wochepa wopempha kwa amayi, moto weniweni. Nsima ikapserera kapena ikachita mibulu, palibe amene ankagona ndi njala. Koma moto unali moto, ndipo dzanja linkaphunzira kugwira mthiko. Emulator ya mu browser ndi masanje a kompyuta. Operating system yake ndi yeniyeni, malamulo ake ndi enieni, kulakwitsa kwake n'kwenikweni, koma zonse zili m'khola limene browser inamanga. Zimene zikuchitika m'katimo sizikhudza mafayilo a makina enieni.

Ndinayesa ndi ana anga a kalabu ya makompyuta. Tinatsegula Linux yaing'ono mu browser, ya sikirini yakuda yopanda zithunzi. Ndinawaphunzitsa ls yoonetsa zimene zili m'foda, cd yolowera m'foda ina, ndi rm yofufutira. Kenaka ndinauza mnyamata wina, amene nthawi zonse amakhala kumbuyo, kuti afufute foda imene muli malamulo enieniwo.

"Aphunzitsi, ikawonongeka?"

"Iwonongeke. Ndi zimene ndikufuna."

Anayang'ana anzake, n'kulemba pang'onopang'ono, n'kudina Enter. Ndinamuuza kuti alembenso ls. Makina anayankha kuti lamulo limenelo sakulidziwa. M'kalasi munangoti zii. Mtsikana wina ndiye anayamba kulankhula: "Ndiye kuti ls ija inali fayilo?" Funso limenelo ndakhala ndikuyesa kulifikitsa m'mitu ya ana ndi choko kwa zaka zambiri, kuti malamulo a kompyuta ndi mapulogalamu osungidwa penapake, osati matsenga. Mnyamata uja anadina kabatani kotsegulanso tsamba, Linux n'kuyakanso yathunthu ngati sinakhudzidwe. Anapempha kuti aiwonongenso mwa njira ina.

Izi sizilowa m'malo mwa makina enieni. Mwana amene adzalembe mayeso a kutaipa kalata ndi kuwerengera pa spreadsheet ayenera kuzolowera mapulogalamu a masiku ano, pa kiyibodi yeniyeni, ndipo foni siingamupatse zimenezo. Boma, makolo ndi masukulu asapezerepo pothawira pa udindo wogula makompyuta. Koma pa kumvetsa chimene operating system ili, kuona kompyuta ikuyaka kuchokera pa BIOS, kugawa disiki, kuika operating system kuchokera pachiyambi, kuyerekeza DOS ndi Windows ndi Linux m'ola limodzi pa makina amodzi, sindinapeze njira ina yotchipa ndi yopanda chiopsezo ngati iyi. Kale zimenezi tinkangozijambula pa bolodi.

Vuto la bandulo nalonso lili ndi pozembera. v86 ndi yaulere, ndipo mafayilo ake onse ali poyera pa GitHub, tsamba limene olemba mapulogalamu amaikapo ntchito zawo. Munthu angawakopere kamodzi pamene pali netiweki yabwino, pamodzi ndi madisiki a FreeDOS, KolibriOS ndi Linux yaing'ono, n'kuwaika pa kompyuta imodzi ya pasukulu kuti ikhale seva. Makina ena onse a m'chipindamo, ngakhale mafoni a aphunzitsi, angamatsegule kuchokera pamenepo kudzera pa rauta wamba, popanda intaneti. Ife tili ndi desikitopu ina yakale imene inakhala pakona chifukwa imalemedwa ndi Windows yatsopano. Ndaipukuta fumbi, ndaikamo Linux, ndipo mafayilo ndinakopera kale pa fulashi. Chatsala ndi chingwe cha netiweki chotalika mamita 10, chimene ndikagule ku Down Shops Loweruka likubwerali.